Mankhwala Othira M'chikhodzodzo Amathandiza Wofika Msanga

Ambiri a ife tikapinda malaya ndi kuyang'ana pa mkono timapeza kachipsera kakang'ono kamene tinakula nako, ngakhale sitikumbukira tsiku limene tinakalandira. Kachipsera kameneka ndi ka katemera wa BCG, uja amayi athu anatinyamulira ku sikelo tili makanda kuti atiteteze ku chifuwa chachikulu. Koma ndi owerengeka amene amadziwa kuti katemera yemweyo ali ndi ntchito yachiwiri. Madokotala amamusungunula m'madzi ndi kumuthira m'chikhodzodzo cha munthu wamkulu pofuna kuletsa khansa kuti isabwererenso. Mwezi uno tati tikambirane za chithandizo chimenechi, pakuti nthenda ya chikhodzodzo si yachilendo kuno kum'mawa, ndiponso chifukwa mankhwala amenewa ali ndi lamulo lake lolimba: amathandiza munthu amene wafika ku chipatala nthenda isanazike mizu.

Khoma la chikhodzodzo

Chikhodzodzo ndi thumba limene limasunga mkodzo wochokera ku impso ziwiri, ndipo mwa munthu wamkulu chimatha kusunga pafupifupi theka la lita. Kuti timvetse bwino nkhani yathu, tiyerekeze khoma lake ndi khoma la nyumba yomangidwa bwino. Pamwamba pali njereza, pansi pa njereza pali pulasitala, ndipo mkati mwenimweni muli njerwa. Chimodzimodzinso chikhodzodzo: mkati mwake, mmene mumakhudza mkodzo, muli kakhungu kopyapyala, pansi pa kakhunguko pali mnofu wofewa, kenaka pali minofu yolimba imene imafinya thumbalo munthu akamataya madzi.

Khansa ya chikhodzodzo imayambira pa kakhungu kopyapyala kaja. Ikakhala kuti ili pomwepo, kapena yangolowa pang'ono mu mnofu wofewa osafika ku minofu yolimba, madokotala amati ndi khansa ya pamwamba. Imeneyi angathe kuipala monga mmene mmisiri amapalira njereza yofundukuka, khoma n'kutsala lili chilili. Koma ikalowa m'minofu yolimba, ndiye kuti mng'alu wafika m'njerwa. Pamenepo pamafunika opaleshoni yaikulu yochotsa chikhodzodzo chonse, kapena kuwotcha ndi magetsi amphamvu pamodzi ndi mankhwala olowetsa m'mitsempha. Mankhwala othira m'chikhodzodzo amagwira ntchito pa khansa ya pamwamba yokha.

Bungwe loona za khansa pa dziko lonse linawerengera kuti m'chaka cha 2022 anthu oposa 600,000 anapezeka ndi khansa ya chikhodzodzo, ndipo oposa 200,000 anamwalira nayo. Amuna amadwala nthendayi kuposa akazi katatu kapena kanayi. Ku Ulaya ndi ku America, odwala atatu mwa anayi alionse amapezeka nthenda ikali pamwamba. Kwathu kuno ambiri amafika itazama kale, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti chizindikiro chake choyamba tinachizolowera.

Magazi amene tinawazolowera

Chizindikiro chimenecho ndi magazi mu mkodzo. Kawirikawiri amabwera popanda ululu uliwonse. Amaoneka tsiku limodzi kapena awiri, kenaka amasiya okha kwa milungu kapena miyezi, munthu n'kumati ndachira. Ena amayamba kukodza pafupipafupi, kapena kumva kuwotcha kumene sikutha ngakhale amwe mankhwala.

Tsono ife amene tinakulira m'madambo a ku Chipata, Katete, Chadiza ndi Lundazi, kapena m'chigwa cha Luangwa, mkodzo wofiira sutidabwitsa. Tinauona pakati pa anyamata oweta ng'ombe ndi ana osambira m'madamu, ndipo dzina lake tikulidziwa: likodzo. M'midzi ina ankafika poganiza kuti mnyamata akakodza magazi ndiye kuti wakula. Motero bambo wa zaka makumi asanu akaona magazi amangoti ndi likodzo lakale lija labwerera, n'kukagula mapiritsi pa sitolo. Mayi amene analeka kupita kumwezi zaka zingapo zapitazo amaganiza kuti ndi za uchembere, ndipo manyazi amamutseka pakamwa. Chonsecho nthenda ikulowerera m'khoma.

Si magazi onse amene amatanthauza khansa. Likodzo lenilenilo, timiyala ta m'impso, matenda a m'njira ya mkodzo ndi kutupa kwa prostate mwa amuna achikulire, zonsezi zimatulutsa magazi. Koma wosiyanitsa ndi dokotala yekha. Munthu wamkulu aliyense amene waona magazi mu mkodzo, ngakhale kamodzi kokha, ayenera kupimidwa. Ndipo ngati wamwa mankhwala a likodzo koma magazi abweranso, abwerere ku chipatala ndi kunena momveka kuti mankhwala aja sanathetse vuto.

Likodzo nalonso si nthenda yoseweretsa. Nyongolotsi yake inapezedwa ndi dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, mu mzinda wa Cairo m'chaka cha 1851. Imakhala m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo ndipo mazira ake amakodwa m'khoma, n'kumalinyerenyetsa ndi kulitupitsa zaka ndi zaka. M'chaka cha 1911 dokotala wina, A. R. Ferguson, analemba kuti ku Egypt khansa ya chikhodzodzo imayenda pamodzi ndi likodzo, ndipo mu 1994 bungwe loona za khansa pa dziko lonse linaika nyongolotsi imeneyi pa mndandanda wa zinthu zimene zimayambitsa khansa mosakayikitsa. Kafukufuku amene anachitika ku Lusaka m'zaka za m'ma 1970 anapeza kuti odwala khansa ya chikhodzodzo ambiri m'Zambia anali ndi mtundu umene umayenda ndi likodzo. Choyambitsa china chachikulu ndi kusuta fodya. Poizoni wa mu utsi amalowa m'magazi, impso zimamusefera mu mkodzo, ndipo mkodzowo umakhala m'chikhodzodzo maola ambiri ukukhudza kakhungu kaja. Pa dziko lonse, pafupifupi theka la odwala khansa imeneyi anaitenga chifukwa cha fodya.

Ulendo wa wodwala

Ulendo umayambira pa kiliniki ya pafupi, pomwe amapima mkodzo. Kuchoka apo wodwala amatumizidwa ku chipatala cha boma kapena cha mishoni, monga St Francis ku Katete, Minga ku Petauke kapena Mwami, ndipo mwina ku Chipata Central Hospital. Pofunika akatswiri ena, kalata imamufikitsa ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 550, ku University Teaching Hospital kapena ku Cancer Diseases Hospital, chipatala cha khansa chimene chinatsekulidwa m'chaka cha 2007.

Madokotala amayamba ndi kuunika pamimba ndi makina a sikani. Koma kuti aone bwinobwino amalowetsa kachipangizo kowonda kokhala ndi nyali ndi diso kunsonga, kotchedwa cystoscope, kudzera m'njira ya mkodzo. Akaona chotupa amamugoneka wodwalayo kapena kumuchititsa dzanzi kuyambira m'chiuno, n'kupala chotupacho kudzera m'njira yomweyo, osang'amba pamimba. Zimene apalazo amazitumiza kwa akatswiri opima minofu, amene amayankha mafunso atatu: ndi khansa ya mtundu wanji, ndi yaukali motani, ndipo yazama kufika pati. Chithandizo chonse chotsatira chimadalira mayankho amenewa. N'chifukwa chake wodwala sayenera kubwerera kumudzi n'kuiwala zotsatira, poganiza kuti popeza magazi aleka nkhani yatha.

Chifukwa chothira mankhwala

Mlimi aliyense amadziwa khalidwe la kapinga. Ungamulimire bwanji, kamuzu kamodzi kakatsala m'nthaka mvula ikagwa amaphukanso. Khansa ya pamwamba ilinso choncho. Ikapalidwa popanda chithandizo china, imameranso mwa theka la odwala kapena kuposerapo, ndipo mwa ena imabwera yaukali kuposa poyamba. Mankhwala othira m'chikhodzodzo ndiwo amalimbana ndi timizu tosaoneka timeneti.

Ubwino wake ndi wakuti amafika pamalo penipeni pa nthenda. Anankafumbwe akalowa m'chimanga sitithira mankhwala mudzi wonse. Timathira m'nkhokwe momwemo. Popeza mankhwalawa salowa kwambiri m'magazi, wodwala sathothoka tsitsi ndipo safooka monga amachitira olandira mankhwala a khansa a m'mitsempha.

Mankhwalawa ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la mankhwala opha maselo a khansa mwachindunji. Odziwika kwambiri ndi mitomycin, amene anapezedwa ku Japan m'zaka za m'ma 1950 kuchokera ku tizilombo ta m'dothi, ndi gemcitabine. Kawirikawiri dokotala amathira kamodzi atangomaliza kupala chotupa, pasanathe maola 24, kuti aphe maselo amene akuyandama m'chikhodzodzo asanamatirirenso pakhoma. Kwa odwala amene chotupa chawo chinali chimodzi, chaching'ono ndi chosakwiya, kamodzi komweko kamakwanira. Ena amapitiriza kulandira mlungu ndi mlungu kwa kanthawi.

Gulu lachiwiri ndi BCG uja. Dzinali likuimira akatswiri awiri a ku France, Albert Calmette ndi Camille Guérin, amene anatenga kachilombo ka chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi kukaweta m'nyumba yopimira zinthu kwa zaka 13, kuyambira 1908, mpaka kanafooka kotero kuti sikakanathanso kudwalitsa munthu wathanzi. Khanda loyamba linalandira katemerayu ku Paris m'chaka cha 1921. Patapita zaka zoposa makumi asanu, mu 1976, dokotala Alvaro Morales wa ku Kingston m'dziko la Canada anafalitsa zimene anapeza atathira BCG m'chikhodzodzo cha odwala owerengeka: zotupa zawo zinaleka kubwerera pafupipafupi. Iye anathira kamodzi pa mlungu kwa milungu isanu ndi umodzi, chifukwa mankhwala amene anali nawo ankabwera timabotolo tisanu ndi kamodzi m'bokosi. Chiwerengero chimenecho chinakhazikika mpaka lero. Dziko la America linavomereza chithandizochi m'chaka cha 1990.

BCG sapha khansa yekha. Ntchito yake ili ngati ya munthu woimba ng'oma ya mfuu usiku. Tizilombo tofooka tija tikamatirira pakhoma la chikhodzodzo, thupi limaona kuti kwalowa mdani, ndipo limatumiza asilikali ake ambirimbiri pamalopo. Asilikaliwo pothamangitsa mlendoyo amapezanso maselo a khansa amene anali kubisala, n'kuwawononga. BCG amaperekedwa kwa odwala amene khansa yawo, ngakhale ili pamwamba, ndi yaukali kapena imabwererabwerera, ndiponso kwa amene ali ndi mtundu wina umene sutukuka ngati chotupa koma umangoyala pakhoma ngati banga lofiira.

Tsiku lolandira mankhwala

Wodwala sagonekedwa m'chipatala. Amauzidwa kuti achepetse kumwa madzi ndi tiyi kwa maola angapo asanafike, kuti mkodzo usasungunule mankhwala. Namwino amapima mkodzo kaye, kenaka amalowetsa kapaipi kofewa m'njira ya mkodzo, kutulutsa mkodzo wotsala, ndi kuthira mankhwala okwana pafupifupi masupuni aakulu atatu. Akachotsa kapaipiko wodwala amasunga mankhwalawo osataya madzi kwa ola limodzi kapena awiri, monga mmene amuuzira. BCG sayambidwa chilonda cha opaleshoni chikali chachiwisi. Amadikira milungu iwiri kapena kuposerapo. Ikatha milungu isanu ndi umodzi yoyamba, odwala ambiri amalandiranso katatu pa mwezi wachitatu, katatu pa mwezi wachisanu ndi chimodzi, kenaka pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, kwa chaka chimodzi kufikira zaka zitatu.

Popeza mu BCG muli tizilombo tamoyo, pali malamulo a pakhomo. Kwa maola asanu ndi limodzi oyamba, wodwala, ngakhale ndi mwamuna, ataye madzi atakhala pansi kuti mkodzo usadonthere paliponse. Atayire m'chimbudzi basi, osati kuseri kwa nyumba kapena kumunda. Pa chimbudzi cha madzi, kapena ngati wagwiritsa ntchito chidebe, athiremo Jik ndi kudikira mphindi 15 asanagujumule kapena kukataya. Asambe m'manja ndi kumaliseche ndi sopo, ndipo amwe madzi ambiri tsiku limenelo ndi lotsatira. Kusamba kumeneku n'kofunikanso kwa olandira mitomycin, chifukwa amatha kuyabwitsa khungu. Za m'banja madokotala amalangiza kudziletsa kwa masiku angapo, ena amati mlungu wathunthu, pambuyo pa kuthira kulikonse, ndiponso kuti pasakhale pathupi nthawi ya chithandizo. Ndi bwino kuti mwamuna ndi mkazi amve malangizo amenewa ali limodzi pamaso pa dokotala, kuti pasabuke kukayikirana m'nyumba. Kupatula izi, wodwalayo sapatsira munthu chilichonse. Adye m'mbale imodzi ndi anzake, anyamule zidzukulu zake, apite kumaliro ndi kumisonkhano monga kale.

Zoyembekezera ndi zoopsa

Kwa tsiku limodzi kapena awiri munthu amamva kuwotcha potaya madzi, amakodza pafupipafupi, mwina timagazi pang'ono, ndipo thupi limaphwanya ngati chimfine. Zimenezi zimatha zokha. Koma thupi likatentha kwambiri ndi kunjenjemera, kapena kutentha kukapitirira masiku awiri, kapena pakabwera chifuwa, kupuma movutika, chikasu m'maso, kutupa kwa mfundo kapena kwa machende, wodwala athamangire ku chipatala tsiku lomwelo. Kwathu kuno kutentha thupi kulikonse timati malungo, ndipo apa ndi pamene pali msampha. Wodwalayo kapena womuperekeza anene msanga kuti munthuyu akulandira BCG m'chikhodzodzo, ndipo asonyeze kalata yake, pakuti mwa anthu ochepa tizilombo tija timalowa m'magazi ndipo pamafunika mankhwala a chifuwa chachikulu mwachangu.

Pa chifukwa chomwechi alipo amene sayenera kulandira BCG: amene akudwala chifuwa chachikulu, amayi apakati ndi oyamwitsa, ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika kwambiri. Amene ali ndi kachilombo ka HIV amuuze dokotala poyera, pamodzi ndi mankhwala onse amene akumwa, kuti iye aone njira yoyenera. Ngati pa tsiku lothira mu mkodzo muli magazi ooneka kapena matenda, amaimitsa mpaka mlungu wina. Kumeneko si kumukana wodwala; ndi kumuteteza.

Malire a mankhwalawa

Tisanamizane: chithandizochi sichikwanira aliyense. Khansa ya chikhodzodzo ili ndi mitundu iwiri ikuluikulu. Mtundu umene madokotala amautcha urothelial, umene umayenda kwambiri ndi fodya, ndiwo umamvera mankhwala othira. Mtundu wa squamous, umene umayenda ndi likodzo la zaka zambiri, suwamvera, ndipo umakonda kupezeka utalowa kale m'minofu. Kwa wodwala wotere chiyembekezo chili pa opaleshoni yochitika nthawi ikalipo. Choncho dokotala akanena kuti mankhwala othira si oyenera kwa m'bale wathu, tisaganize kuti watimana chifukwa ndife osauka.

Chinanso n'chakuti BCG wothira m'chikhodzodzo ndi wochuluka mphamvu kwambiri kuposa kadontho kamene amabaya khanda, ndipo mafakitale omupanga ndi ochepa. Fakitale ina yaikulu ya ku Toronto italeka kumupanga m'chaka cha 2012, mankhwalawa anasowa ngakhale m'maiko olemera. BCG akasowa, madokotala amagwiritsa ntchito mitomycin kapena gemcitabine. Banja lifunse momasuka kuti ndi mankhwala ati amene alipo, adzaperekedwa kuti, kangati, ndipo amene ali ndi khadi la NHIMA afunsenso zimene inshuwalansiyo idzalipira.

Mtolo wa banja lonse

Chovuta chenicheni pa chithandizochi si kapaipi kapena kuwotcha kwa masiku awiri. Ndi kubwerera. Munthu wochokera ku Vubwi kapena ku Chama amene wauzidwa kuti azioneka kwa dokotala mlungu uliwonse kwa milungu isanu ndi umodzi ayenera kupeza ndalama ya basi, pogona m'tauni, ndi womusamalira munda, makamaka ngati ndi nthawi ya dzinja. Pofika mlungu wachitatu amakhala akumva bwino, mkodzo wayera, ndipo mtima umamuuza kuti otsalawo ndi kutaya ndalama. Ambiri amalekera pamenepo.

Kuwonjezera apo, ngakhale mankhwala atatha, chikhodzodzo chiyenera kuunikidwanso ndi kachipangizo kaja pakapita miyezi itatu, kenaka nthawi ndi nthawi kwa zaka zisanu kapena kuposerapo, ndipo kwa ena moyo wawo wonse. Chotupa chikabwerera n'kupezeka chikali chaching'ono, amachipalanso ndipo munthu amapitiriza moyo wake. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Nthenda iyinso imagonjetsedwa ndi maulendo ang'onoang'ono ambiri, osaphonya ngakhale umodzi.

Motero banja likhale pansi tsiku loyamba lomwe, lisanayambe chithandizo, ndi kuwerengera maulendo onse. Masiku alembedwe pa kalendala ya pakhoma, ndipo pasankhidwe mwana kapena mphwake mmodzi wosunga makalata a ku chipatala ndi kukumbutsa. Achibale a ku Lusaka atsekule khomo. A mu mphakati, amene amadziwa kale kuyendera odwala, akumbukire kuti munthu uyu ngakhale akuyenda yekha ndi kuoneka wathanzi ndi wodwala ndithu, ndipo chithandizo chimene akufuna mwina ndi kumulimira mizere ingapo kapena kusonkha ya basi. Mankhwala a zitsamba kapena a pa msika asalowe m'malo mwa tsiku la ku chipatala. Ndipo wosuta fodya aleke, pakuti amene amapitiriza kusuta nthenda imawabwerera msanga.

M'mera mpoyamba

Khansa ya chikhodzodzo imene imapezeka mwa agogo lero kawirikawiri inayambira pa dziwe limene ankasambira ali ana, kapena pa ndudu yoyamba imene anaiyatsa ali mnyamata. Ku Egypt, atalimbana ndi likodzo kwa zaka zambiri, khansa ya mtundu woyenda ndi likodzo inachepa. Ifenso tingathe. Azaumoyo akabwera pa sukulu ndi mapiritsi a praziquantel, tilole ana athu amwe, ndipo tiwapatse chakudya asanamwe. Akuluakulu amene amagwira ntchito m'madimba, asodzi ndi amayi ochapa kumtsinje akapimitse. Tiphunzitse ana kuti asakodzere m'madzi, pakuti ndi mmene mazira amafikira ku nkhono ndi kubwerera kwa anthu. Ndipo madzulo ano, tikakhala pa mphasa ndi makolo athu, tiwafunse mwaulemu ngati anaonapo magazi potaya madzi. Akavomera, mawa lomwe tiwaperekeze ku kiliniki.